Mizere Itatu Imene Ndinaidumpha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada anandilemba ntchito ya ulembi. Anabwera ndi kope latsopano la chikuto chofiira, nandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine mlembi wa ulendo. Ulendowo unali wopita kunyanja, ku Nkhotakota, kwawo kwa amama. Lero tsitsi langa layera, mawondo amandiwawa kukazizira, ndipo ana anga akayamba kupangana za kunyanja, uyu akuti tidzagone pakuti, uyo akuti tidzadyere pakuti, ine ndimangomva kutopa thupi lonse. Iwo amati ndi ukalamba. Sindinawauzepo kuti kutopako ndinakutenga ndili Sitandade 5.

Tinkakhala pa Mzimba boma, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Adada, a Zimba, kwawo kunali ku Champhira, ndipo anali makaniko pa galaja ya a Sulemani, Msilamu wina amene analinso ndi sitolo ya nsalu. Amama kwawo ankatchedwa Anaphiri, koma pa Mzimba aliyense ankati NyaPhiri, iwo n'kumavomera. M'nyumba mwathu adada ankakalipa m'Chitumbuka, amama ankayankha m'Chichewa, ife ana tinkalira m'zilankhulo zonse ziwiri. Ine Towera ndinali woyamba kubadwa, kenaka ang'ono anga awiri ndi khanda lakumsana.

Nkhani ya ulendowu inayamba ine ndisanabadwe. Adada ali mnyamata ankayenda pa lole yokatenga nsomba zouma kunyanja, ndipo ndi kumeneko anakaonana ndi amama. Abale a amama ankayembekeza kuti mkamwini amanga nyumba pamudzi pomwepo, monga amachitira kumeneko. Adada anati kwawo sizitero, mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna. Anakambirana mpaka anagwirizana, koma tsiku lonyamuka amalume anga a Mateyu, mchimwene wawo wa amama, anafunsa mokweza anthu onse akumva kuti, "Ndiye mlongo wathuyu mukumutengera pamwamba pa matumba a usipa?" Anthu anaseka. Adada analumbira chamumtima kuti sadzapondanso pamudzipo mpaka tsiku limene adzafike akuyendetsa galimoto yawoyawo. Amene anasekawo anaiwala tsiku lomwelo. Adada anakusunga kusekako zaka khumi ndi zitatu.

M'zaka zonsezo amama anapita kwawo kamodzi kokha, ine ndili kumsana, ataperekezedwa ndi azakhali. Kwathu kwa adada mkazi wolowoledwa sankangodzuka n'kukwera basi yekha kupita kwawo. Akatero anthu ankati wathawa banja, ndipo akuluakulu ankayamba kufunsana za ng'ombe zimene zinaperekedwa. Ankayenera kupita ndi mwamuna wake, kapena ndi munthu amene apongozi amutuma. Amama akatchula za kwawo, yankho la adada linali limodzi chaka ndi chaka: "Lindani pachoko, NyaPhiri. Tidzapita tonse pa galimoto." Kudikira pang'onoko kunakula limodzi ndi ine.

Chaka chimenecho galimoto inapezekadi. A Sulemani anawalola adada kutenga chipikapu chakale chimene chinafera kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Amuna asanu ndi mmodzi anachikankha mpaka pabwalo pathu, nachikhazika pa njerwa chifukwa matayala awiri anali atatheratu. Amama anatuluka, anachizungulira kamodzi, n'kufunsa ngati nkhukuzo zabwera nawo. Komabe ndinaona kuti nkhope yawo yamasuka, ndipo tsiku limenelo ankaimba akutsuka mbale.

Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi, adada ankayala mphasa padzuwa pafupi ndi galimotoyo, pakuti mwezi wa Juni pa Mzimba mthunzi umaluma. Ankajambula msewu pansi ndi kamtengo, ine n'kumalemba. Njira yachidule inalipo, yodzera ku Kasungu n'kudutsa m'nkhalango, koma adada ankainyoza kuti ndi ya anthu othamangitsidwa. Ife tidzadzera kumpoto. Choyamba Chikangawa, kumene nkhungu imaphimba mitengo ya paini mpaka masana. Kenaka Mzuzu, kukagula buledi, n'kutsetsereka mapiri mpaka ku Nkhata Bay, mabuleki akununkha. "Lemba apo kuti tonse tivule majuzi," ankatero. "Kuyambira pamenepo dzuwa ndi lina chomene." Kuchoka apo msewu udzatsata nyanja, madzi ali kudzanja lamanzere tsiku lonse: Chintheche ndi mchenga wake woyera, milatho ya matabwa imene tidzayenera kutsika kuti galimoto iwoloke yopepuka, Dwangwa ndi minda ya nzimbe. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali pansi pa mitengo, tidzalowa m'mudzi mwa amama. Akafika pamenepa adada ankaima kaye, n'kuyang'ana patali. "Lemba kuti hutala katatu."

Kope linayamba kudzaza. Zigubu ziwiri za madzi, pampu, chingwe, zigamba za chubu. Makhadi a chipani a munthu aliyense, pakuti masiku amenewo wopanda khadi sankakwera basi ngakhale kulowa mumsika, ndipo adada anati tipezere ndi khanda lomwe kuti panjira pasadzakhale zokambakamba. Mphatso nazo zinalembedwa: thumba la nyemba, mbatata ya kachewere, ndi bulangete lalikulu la agogo. Amama atamva za bulangetelo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Bulangete ku Nkhotakota? A Zimba, mukufuna mukawaphike amayi anga?" Adada anati ndifafanize, ndilembe nsalu ziwiri za m'sitolo ya a Sulemani.

Mu Julaye tinapita ku Champhira kukatsanzika, pakuti ulendo wa mkazi wa pamudzi sunkakonzedwa akuluakulu osadziwa. Amama anagwada patali, adada n'kufotokoza. Agogo aamuna anavomera, koma aliyense amene anamva anali ndi chotumiza. Uyu ankafuna nsomba zikuluzikulu zowamba, uyo mpunga wa mbewu, azakhali ankafuna botolo la madzi a m'nyanja kuti aone ngati ali ndi mchere. Zonsezo zinalowa m'kope. Ndinasangalala masiku amenewo, sindikana. Zinalembedwa ndi dzanja langa lomwe kuti ine ndidzakhala kutsogolo, pakati pa adada ndi amama, kope lili pamiyendo, ndizidzatchula maina a malo tisanafike. Kusukulu ndinauza aliyense, ndipo amene sanafunse ndinamuuza kawiri.

Ndinalinso ndi ntchito ina, yakale kuposa ya ulembiyo. Amama sanapite kusukulu, anakulira m'madimba a mpunga. Makalata a kwawo ankalemba ndi amalume a Mateyu, ankafikira ku galaja, ndipo adada ankabwera nawo kunyumba n'kundipatsa ine. Kuwerenga ankadziwa bwinobwino, koma ankati mawu a Mateyu sangadutse pakamwa pawo. Choncho kuyambira ndili Sitandade 3 ndine ndinkawawerengera amama. Ankakhala pakhonde, ine pambali pawo, ndiwerenge kamodzi, ndibwerezenso, nthawi zina katatu. Kenaka ankandiuza zoyankha, ine n'kumalemba. Chimene chatuluka pakamwa panga, kwa iwo kalatayo inali yomweyo.

Tsiku lina mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi pamsika, ndinapititsa chakudya cha masana ku galaja. Adada ananditengera kuseri, kumene kunali milu ya zitsulo zadzimbiri. Anatulutsa kalata m'thumba la ovololo, itatsegulidwa kale, naika chala chakuda ndi girisi pa mizere itatu ya pakati. Ndimaikumbukira mpaka lero. "Amayi akudwala kwambiri. Miyendo yatupa, chakudya akukana. Akukutchulani tsiku ndi tsiku. Ngati mukufuna kuwapeza, musadikire kuti mwezi uno uthe."

"Towera, mwana wane, apa udumphe," anatero adada motsitsa mawu. "Injini yalira kale, waimva wekha. Masabata awiri basi, mbwenu tanyamuka. Amama ako akamva izi akwera basi mawa lomwe. A ku Champhira adzati chiyani? Ndiponso akapita pa basi, iwe utsala kuno uziphikira ana."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaopa adada, koma sizoona. Adada sanandimenyepo, ndipo ndikanakana akanangopukusa mutu n'kubweza kalatayo m'thumba. Chimene chinandigwira ndi mawu omalizawo. Ndinaona mpando wanga wakutsogolo ukundipulumuka, ndinamva anzanga akusukulu akundifunsa kuti nyanja ija ili kuti. Agogo a kunyanjawo sindinkawadziwa nkhope, ndipo masabata awiri anaoneka ochepa. Ndinavomera kuti, "Enya, adada."

Amama ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba zomwezo za mphatso. Ndinawerenga moni, za mpunga umene unacha bwino chaka chimenecho, za msuweni wanga amene anabereka mwana wamkazi, za bwato la amalume limene linang'ambika. Nditafika pomwe chala cha adada chinasiya girisi, ndinadumphira m'munsi.

"Za amayi sanalembepo?" anafunsa amama.

"Akuti akupereka moni."

"Basi?"

"Basi."

Anatenga pepalalo, naliyang'ana mbali zonse ziwiri monga munthu amayang'anira nsalu pamsika. "Kalata yaitali chonchi, nkhani zochepa," anatero. Ndinati amalume amalemba zilembo zikuluzikulu. Anaseka, n'kundiuza kuti nditenge pensulo. Yankho lawo ndinalilemba lonse, osadumpha kanthu: amayi asadandaule, tikubwera tonse pa galimoto ya a Zimba ikangotha kukonzedwa, atisungire mpunga watsopano.

Masabata awiri anatha tikudikira tayala. Tayala litapezeka, rediyeta inayamba kudontha. Adada ankaweruka ku galaja atatopa, n'kulowa pansi pa galimoto mpaka dzuwa kulowa, mapazi okha akuoneka. Mwezi wa Ogasiti unatha. Ndinkangoyang'ana kalendala ya m'kalasi. Tsiku lina ndinagwada pafupi ndi mapaziwo n'kufunsa chapansipansi kuti, nanga agogo? Mawu anachokera pansi pa galimoto: "Anthu a kunyanja ndi olimba, amadya nsomba. Ndipatse sipanala iyo."

Pakati pa Seputembala galimoto inayenda. Adada anatikweza tonse kumbuyo n'kuzungulira msika kawiri akuliza hutala, ana a m'dera lonse akutithamangira. Amama anayamba kuchapa zovala za ulendo tsiku lomwelo. Koma amene anaona sanali ana okha. M'mawa mwake kunabwera atcheyamani a chipani a dera lathu ndi anyamata awiri. Anaiyamikira galimotoyo kwambiri, kenaka anati pali amayi ofunika kupita nawo ku Embangweni kukayeserera magule a msonkhano. Masiku amenewo pempho lotero linkakhala ndi yankho limodzi lokha. Adada anavula chipewa, nati, "Yewo chomene, bwana." Anabwerako patatha masiku atatu, galimoto itapendekera mbali imodzi ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Inanyamula anthu oposa mphamvu zake m'misewu ya mabampu, ndipo sipuling'i ya kumbuyo inathyoka. Ina yofanana nayo pa Mzimba panalibe, anati aitanitsa ku Kasungu.

Zovala zochapidwa zija zinatuluka m'sutikesi chimodzichimodzi, ife n'kumazivala. Lamlungu adada ankayalabe mphasa, tsopano pamthunzi, n'kupitiriza pomwe analekezera: pa Chintheche tidzagule mango, poti tachedwa mpaka nyengo yake. Ine ndinkalembabe. Amama analeka kukhala nafe pamphasapo, ankangoti, "Mukamaliza mundiuze." Ndinayesa kangapo kuwauza zoona. Ndinkafika pakhomo la khitchini, iwo n'kucheuka kuti, "Watani, Towera?" ine n'kunena kuti ndikufuna madzi. Ndikalephera lero, mawa lake zinkavuta kuposa. Chakudya chinaleka kukoma. Ndinaonda, ndipo amama anandimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba.

Uthenga unabwera mu Okutobala, kukutentha, masana a Lachinayi. Amama ankaluka tsitsi la aneba athu a NyaMoyo pansi pa mtengo wa mapeyala, wailesi ili pampando. Inali nthawi ya mauthenga a maliro, imene anthu ankaimvera ndi khutu limodzi. Ine ndinali pomwepo ndikusenda mbatata. Wowerengayo anatchula dzina la agogo, dzina la mudzi, kenaka anati uthengawu upite kwa mwana wawo Anaphiri amene ali ku Mzimba, maliro aikidwa mawa. Chipeso chinagwa pansi. Amama anayang'ana wailesiyo akuyembekeza kuti ibwereza, koma inapitirira kwa anthu ena a ku Zomba. Asanayambe kulira ananena mawu amene sanandichoke m'makutu: "Chonchi basi? Osadwala n'komwe?"

Adada anabwera akuthamanga. Analowa pansi pa galimoto n'kuyamba kumanga sipuling'i yothyokayo ndi mtengo ndi malamba a chubu. Amama sanawayang'ane. M'mawa mwake anatuluka atabereka khanda, kachikwama kali m'manja. "A Zimba, ine ndikupita. A ku Champhira mukawauze nokha." Adada anaimirira, manja ali lende. Anati iwo atsatira galimoto ikangolimba, ndipo amama atenge ine kuti anthu asanene kuti achoka okha. Umu ndi mmene ndinaupezera ulendo wanga wa kunyanja.

Tinadzera ku Kasungu. Pokwera basi anyamata a chipani anaona makhadi athu, ndipo anali okwana, ndi la khanda lomwe. Pa Kasungu tinadikira tsiku lathunthu, kenaka tinapeza lole yonyamula matumba a chimanga. Tinakhala pamwamba pa matumbawo m'nkhalango monse, ntchentche zoluma zikutizunza, khanda likulira. Ine ndinalibe dzina la malo loti nditchule. Kutentha kunali kwina ndithu, monga ananenera adada. Tinalowa m'mudzi tsiku lachitatu masana, wapansi, fumbi mpaka m'nsidze. Nyanja ndinaiona pakati pa mitengo ya mango, ikunyezimira moti maso anandiwawa, ndipo ndinayang'ana pansi. Agogo anali ataikidwa dzana.

Amayi a pamudzi anatilandira ndi kulira, natiperekeza kumanda. Titabwerako tinakhala pansi pa mtengo, abale atatizungulira. Amalume a Mateyu anali munthu wamfupi wa imvi, osati chimunthu chimene ndinkachiganizira, ndipo sanakweze mawu. Anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Ndinazindikira zilembo zanga ndili patali.

"Chemwali, ife tinalemba mu Ogasiti kuti amayi ali moipa, musadikire mwezi uthe. Inu munatiyankha za galimoto ndi mpunga. Tinawawerengera momwemo. Anati, chabwino, ndiidikira galimotoyo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankati tiwatulutse, tiwagoneke pakhonde poonekera msewu. Miyezi iwiri, chemwali. Lole ikamveka ankadzutsa mutu."

Amama anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akukumbukira tsiku linalake bwinobwino. Ndinadikira kuti anene. Akananena, mlandu ukanagwera adada, ndipo abale akanawaletsa amama kubwerera ku Mzimba. Ndinali wamng'ono koma zimenezo ndinkazidziwa. Anaweramitsa mutu. "Ndalakwa, achimwene," anatero. "Ndalakwa ndine." Mayi wina kumbuyo kwathu anatsonya. Amama anasenza mawu onse amene ananenedwa tsiku limenelo, ndipo ananenedwa ambiri.

Kutacha tinapita awiri kunyanja kukatsuka miphika ya pamaliro. Mchenga unali utayamba kale kuotcha kumapazi. Amama anatsuka miphika iwiri, kenaka anandifunsa.

"Anakuuza ndi bambo ako?"

"Inde."

"Anakuopseza?"

"Ayi."

"Nanga iwe unkafuna chiyani?"

"Kukhala kutsogolo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anandipatsa mphika n'kunena kuti ndikweche ndi mchenga, m'mbali mwatsala mwaye. Ndinalakalaka atandimenya. Ndikanalira, iwo akanatopa, nkhani ikanathera pomwepo. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Tinakhala kumeneko mwezi wathunthu. Asuweni anga ankandikoka kuti tikasambe, ankandiseka kuti mwana wa kumapiri akuopa madzi, ankandifunsa kuti galimoto ija ndi ya mtundu wanji. Ine ndinkakhala pakhonde la agogo, pomwe ankagonekedwa paja, ndipo ndinaona kuti msewu unkaonekadi bwino kuchokera pamenepo.

Adada sanatsatire. Titabwerera ku Mzimba, zimene anakambirana ndi amama sindikuzidziwa, chitseko chinali chotseka ndipo mawu sanakwere. Banja silinathe. Galimoto inakonzedwa mvula itayamba, ndipo inagwira ntchito zaka zingapo, kunyamula chimanga ndi nkhuni pakati pa Champhira ndi boma. Kunyanja sinafikeko, adadanso sanafikeko. Kope lofiira lija amama anayatsira moto tsamba limodzilimodzi, popanda mkwiyo, poti mapepala anali osowa.

Mu Januwale amama analembetsa sukulu ya kwacha, ya akuluakulu, imene inkakumana masana kutchalitchi. Ankapita atabereka khanda, sileti ili m'manja, amayi ena akuwaseka kuti NyaPhiri akufuna ukalaliki. Ndinkawaona pakhonde akulimbana ndi zilembo, lilime lili pakona pa mlomo. Tsiku lina ndinakakhala pambali pawo kuti ndiwathandize. Anati, "Ayi, mwanangu, pita ukaone ndiwo pamoto." Ananena mokoma ndithu. Patapita miyezi kalata ya amalume inabwera, ndipo anailandira okha m'manja mwa adada. Anakhala nayo kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa m'khola, chala chili pansi pa liwu lililonse, milomo ikuyenda. Pena ankaima nthawi yaitali pa liwu limodzi. Ine ndinali pafupi, ndikuliona liwulo, ndikulidziwa. Sanafunse.

Kwa zaka zambiri ndinkati wolakwa anali adada, ndipo analakwadi. Ulendo umene tinkaukonza pamphasa paja sunali wopititsa amama kwa mayi awo, unali wokaonetsa a Mateyu galimoto. Koma ine sindinasiyane nawo. Iwo ankafuna hutala, ine ndinkafuna mpando, ndipo munthu yekhayo amene ankafuna agogo ndi amene tinamubisira.

Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi, ndinaphunzitsa ana a eni kuwerenga zaka zoposa makumi atatu. Amama ankandikonda, zimenezo sindikayika. Anandilerera ana, anandisamala ndikudwala, ndipo adada atamwalira anabwera kudzakhala kwanga. M'zaka zawo zomaliza maso anachita ng'ala, ndipo zilembo zimene anazivutikira zija zinawathawanso. Tsiku lina tinabwera kuchipatala ndi mankhwala m'timatumba tolembedwa, ndipo iwo anafuna kudziwa kuti azimwa angati. Ine ndinali nditakhala pabenchi lomwelo, phewa likukhudza phewa. Anaitana mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri amene ankasewera panja, namupatsa kathumbako. Mwanayo anawerenga movutika, chilembo ndi chilembo, amama akudikira moleza mtima. Atamaliza anamufunsa kuti, "Wawerenga zonse?"

Mwanayo anati inde. Ine ndinadzuka kukatenga madzi omwera mankhwalawo, ndipo ndili kukhitchini ndinalira, munthu wa zidzukulu. Ndi pamene ndinamvetsa kuti amama anandikhululukira kalekale, koma kukhululuka sikubwezera zonse pamalo pake. Anandipatsa chilichonse chimene mayi angapatse mwana wake, mpaka tsiku lomaliza. Pepala lolembedwa lokha ndilo sanandipatsenso.